KODI KUDZAZA CHITINI NDI MAKOBIRI KULI NDI PHINDU?

Phunziro ili ndi lanu, inu amene munamaliza sukulu ya kwacha ndipo tsopano mutha kuwerenga nokha. Werengani mosathamanga. Ngati muli ndi ndalama yachitsulo m'thumba, itulutseni, muziiyang'ana pamene mukuwerenga. Mukatha, kambiranani ndi anzanu mafunso amene ali kumapeto.

Nkhani ya pamsika

Mwina inunso munaimvapo nkhani iyi. Wina akuti, "Abale, musamataye makobiri. Kuli azungu amene akugula ndalama zachitsulo pamtengo woopsa." Winanso akuti, "Eetu, msuweni wa mnzanga anagulitsa kobiri limodzi lokha, n'kufolera nyumba ndi malata." Mukafunsa dzina la msuweniyo, palibe amene akulidziwa. Mukafunsa kumene wogulayo akukhala, akuti, "Ali ku tauni."

Nkhani zotere zimayenda msanga kuposa njinga. Masiku ano zikuyendanso pa foni. Chifukwa chake m'nyumba zina muli chitini, botolo kapena mphika wodzaza ndi ma K1, ma K5 ndi ma K10. Mwini wake akudikira tsiku lolemera.

Kodi tsikulo lidzafika? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse, tidziwe zoona.

Osonkhanitsa ndalama alipodi

Choyamba tivomereze chinthu chimodzi. Anthu okonda kusonkhanitsa ndalama zachitsulo alipodi m'mayiko ambiri. Amazisunga m'mabuku okhala ndi timatumba. Amalemba dziko ndi chaka cha ndalama iliyonse. Ali ndi timagulu tawo ndi masitolo awo. Ndalama zina amazigula pamtengo wokwera kwambiri.

Tsono ndalama imodzi ikhoza kukhala ndi mitengo iwiri. Mtengo woyamba ndi umene walembedwa pa ndalamayo, monga K10. Uwu ndiwo umagwira ntchito ku golosale. Mtengo wachiwiri ndi umene wosonkhanitsa angalipire chifukwa chakuti waifuna. Ndalama zambiri zimene timapatsidwa ngati chenji zili ndi mtengo woyamba wokhawo.

Wosonkhanitsa sagula chiguligule. Amasankha monga mmene inu mumasankhira mbewu m'nkhokwe. Iye amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba: kodi ndi yosowa?

Ganizani za mango. M'mwezi wa Disembala mango amangogwa okha, ana n'kumaponyerana. Wogulitsa akakweza mtengo, palibe amagula. Koma nyengo yake ikatha, bango limodzi limakhala ndi mtengo. Ndalama zachitsulo zilinso chimodzimodzi. Ndalama yoti igwire ntchito m'dziko lonse imasulidwa yambirimbiri, kufika mamiliyoni. Chinthu chimene aliyense ali nacho palibe angachigule pamtengo wokwera.

Chachiwiri: kodi ikuoneka bwanji?

Wosonkhanitsa amafuna ndalama yooneka ngati yangotuluka kumene kosulidwa, yopanda chipsera, zilembo zonse zikuwerengeka. Ndalama imene yayenda m'manja mwa anthu, m'matumba ndi m'mbale za pamsika imaperepeseka. Ikatero mtengo wake kwa osonkhanitsa umatsika kwambiri.

Chachitatu: kodi alipo oifuna?

Mbuzi yanu ikhoza kukhala yonenepa, koma ngati pamsika palibe ogula, mubwerera nayo kunyumba. Mayiko monga Britain ndi America ali ndi osonkhanitsa ambiri amene amalimbirana ndalama za kwawo. Ofuna ndalama za ku Malawi ndi ochepa poyerekeza ndi amenewo. Ndipo ambiri a iwo amangofuna imodzi ya mtundu uliwonse, osati chitini chonse.

Chachinayi: kodi ndi ya chitsulo chanji?

Ndalama zina zakale zinali ndi siliva kapena golide. Zimenezo zimakhala ndi mtengo chifukwa cha chitsulo chake, ngakhale zitaperepeseka. Ndalama zimene tikugwiritsa ntchito lero zilibe siliva kapena golide. Mayiko ambiri tsopano amasula ndalama zawo ndi chitsulo chotsika mtengo chimene amangochikuta pamwamba kuti chiwale.

Ndalama ziwiri, nkhani ziwiri

Kuti timvetse bwino, tiyeni tione zimene zinachitika m'mayiko awiri kumene abale athu ambiri amapita kukagwira ntchito.

Ku Britain, m'chaka cha 2009, anasula ndalama ya 50 pensi yokumbukira munda wa mitengo ndi maluwa wotchedwa Kew Gardens, umene uli mu mzinda wa London. Anasula 210,000 zokha, m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni. Poyamba anthu ankangogulira zinthu osadziwa kanthu. Patapita zaka zingapo zinadziwika kuti ndalamayi ndi yosowa, ndipo osonkhanitsa anayamba kuilimbirana. Ndalama ya theka la paundi inafika pogulidwa ndi mapaundi oposa 100.

Ku South Africa, m'chaka cha 2008, anatulutsa ndalama ya R5 ya nkhope ya Nelson Mandela, pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 90. Anthu ambiri anaibisa, akumati tsiku lina idzawalemeretsa. Koma ndalamayi inasulidwa yoposa 20 miliyoni. Banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikuuza anthu kuti ndalama zokumbukira zimene zimapezeka mu chenji mtengo wake ndi umene walembedwapo, ndipo azigwiritsa ntchito. Munthu amene anapatsidwa R5 ya Mandela m'sitolo ku Johannesburg, n'kuisunga zaka zonsezi, ali ndi R5 basi. Ndipo R5 ya lero sigula zimene inkagula mu 2008.

Mwaona kusiyana kwake? Zonse ziwiri ndi ndalama zokongola. Zonse ziwiri ndi zokumbukira. Koma ina inali yochepa, ina inali yochuluka. Taonaninso kuti anthu ambiri akabisa ndalama ya mtundu umodzi, ndalamayo sidzasowa konse, chifukwa ili m'chitini cha aliyense.

Nthawi zina ndalama imakwera mtengo chifukwa inalakwika posula. Ku Britain komweko, mu 2008, ndalama zina za 20 pensi zinatuluka zopanda chaka, ndipo osonkhanitsa amazifuna. Koma zotere zimachitika mwa kamodzikamodzi. Kuyembekezera zimenezi kuli ngati kuleka kulima poyembekezera kutola chikwama pamsewu.

Ndalama zathu za ku Malawi

Tsopano tibwerere kwathu. Funsani agogo, akuuzani za kobiri, tiki, sikisi ndi sheleni. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kunali kobiri la chiboo pakati, lojambulidwa njovu ziwiri. Malawi atalandira ufulu mu 1964, kunabwera ndalama zachitsulo za nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Pa sikisi panali tambala, pa sheleni panali chimanga.

M'chaka cha 1971 tinasiya mapaundi ndi masheleni, n'kuyamba kwacha ndi tambala. K2 inali yofanana ndi paundi imodzi, ndipo 10 tambala inali yofanana ndi sheleni imodzi. Ndalama zachitsulo zoyamba zinali 1, 2, 5, 10 ndi 20 tambala. Pa 1 tambala panali tambala weniweni, pa 10 tambala panali chimanga, pa 20 tambala panali njovu ndi mwana wake. Pambuyo pake kunabwera 50 tambala ndi K1.

Boma litasintha mu 1994, kunatuluka ndalama za nkhope ya Dr. Bakili Muluzi. Mu 2007 kunabwera K5 ndi K10 zikuluzikulu, za zitsulo ziwiri, mkati mtundu wina, m'mphepete mtundu wina. Zimenezi zinalembedwa chaka cha 2006. Mu 2012 kunabwera K1, K5 ndi K10 zing'onozing'ono. Yang'anani K1 muona nkhwazi, yang'anani K10 muona njovu.

Ndalama zonsezi zinasulidwa kuti anthu a dziko lonse azigulira mchere ndi sopo. Zinali zochuluka. M'mayiko akunja, ogulitsa ndalama zakale amatenga ndalama wamba zoperepeseka za mayiko osiyanasiyana, n'kuzisakaniza, n'kumazigulitsa poyeza pa sikelo ngati nyemba. Kukalamba kokha sikukweza mtengo wa ndalama. Ngakhale kobiri la chiboo lija, loposa zaka 60, silosowa, chifukwa linasulidwa lambiri.

Tiyeni tichite masamu

Tengani pensulo ndi kope lanu.

Tiyerekeze kuti mu 1971 bambo wina anaika m'chitini ndalama 100 za 10 tambala. Zonse pamodzi zinali K10. Nthawi imeneyo K10 inali mapaundi 5. Funsani achikulire a m'mudzi mwanu zimene munthu akanagula ndi mapaundi 5 masiku amenewo. Akuuzani kuti inali ndalama yooneka. Lero mdzukulu wake watsegula chitini chija. Muli K10 yomwe ija. Kodi K10 ingagule bokosi la machesi? Ayi. Ndipo palibe wogulitsa amene angalandire ma 10 tambala.

Chinachitika n'chiyani? Mbava sinalowe m'nyumba. Chiswe sichinadye chitsulo. Chimene chinadya ndalamazo ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu 1971 paundi imodzi ya ku Britain inali K2. Pofika mu 2024 paundi imodzi inkafuna ndalama zoposa K2,000 ku banki.

Nthawi zina mphamvu ya ndalama imagwa tsiku limodzi lokha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika K1,700. Munthu amene anali ndi K10,000 m'chitini anagona ali ndi ndalama yokwana madola 8 ndi theka, n'kudzuka ali ndi yosakwana madola 6. Posakhalitsa mitengo ya feteleza, mafuta ndi shuga inakwera.

Palinso vuto lina. Boma likhoza kusintha ndalama. Anzathu a ku Zambia anachita zimenezi pa 1 Januwale 2013. K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano, ndipo anthu anapatsidwa nthawi yoti akasinthe ndalama zakale ku banki. Amene anakwirira ndalama pansi n'kuiwala anatsala ndi zinthu zosagula kanthu.

Ndiye yankho la funso lathu ndi ili: kudzaza chitini ndi ndalama wamba za masiku ano, poyembekezera kuti osonkhanitsa adzazigula pamtengo wokwera, kulibe phindu. Chaka chilichonse chimene zagona m'chitini, mphamvu yake ikutha.

Kumbukiraninso kuti ndalama zathu zachitsulo zimasulidwa kunja, ndipo banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, imalipira ndalama zakunja kuti zisulidwe. Zikagona m'chitini, dziko lawononga chuma pachabe.

Nanga za agogo zija?

Apa pali kusiyana pang'ono. Makolo athu ambiri anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Ena anabwera ndi ndalama za kumeneko, ndipo zikadali m'masutikesi akale.

Ndalama zoyera za ku South Africa zosulidwa chisanafike chaka cha 1961, monga tiki, sikisi ndi sheleni, zinali ndi siliva. Ndalama zoyera za ku Britain zosulidwa chisanafike chaka cha 1947 zinalinso ndi siliva. Ngati muli ndi zotere, werengani dzina la dziko ndi chaka, ndipo musazitaye kapena kuzipereka kwa munthu wongodutsa. Koma musayambe kuwerengera galimoto. Tiki ndi kandalama kakang'ono, siliva wake ndi wochepa, ndipo mtengo wake ndi wochepanso.

Apa ndi pamene luso lanu lowerenga likugwira ntchito. Munthu wosadziwa kuwerenga amangomva za m'maluwa. Inu mutha kudziwerengera nokha chaka ndi dziko.

Chenjerani ndi akathyali

Pamene pali mphekesera ya chuma, akathyali sasowa. Njira zawo ndi izi.

Wina amabwera n'kunena kuti, "Amayi, kobiri lanuli ndi la mamiliyoni. Bwana wanga aligula. Koma mutsogoze K20,000 yolipira woyeza ndi yamayendedwe." Mukatumiza ndalamayo pa foni, nambala yake imasiya kupezeka.

Wina amakugulitsani kobiri lakale, akumati mawa kubwera mzungu amene adzaligula kakhumi. Mawa limafika, mzungu osaoneka. Mwagulitsa nkhuku zanu chifukwa cha kachitsulo kopanda ntchito.

Wina amakuonetsani chithunzi pa intaneti, pamene palembedwa mtengo waukulu wa ndalama yofanana ndi yanu. Dziwani kuti pa intaneti munthu aliyense atha kulemba mtengo umene wafuna. Inunso mutha kunena kuti nkhuku yanu ndi ya K1,000,000, koma sindiye kuti wina aigula. Mtengo weniweni ndi umene wogula walipiradi.

Lamulo lake ndi limodzi: wogula weniweni ndiye amakulipirani. Munthu wofuna kuti inu muyambe mwamulipira ndi wakuba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusunga kumene kuli ndi phindu

Kodi tikunena kuti musasunge ndalama yachitsulo ndi imodzi yomwe? Ayi ndithu. Sungani, koma musunge mwanzeru ndiponso pa chifukwa choyenera.

Ndalama yachitsulo ndi kabuku kakang'ono ka mbiri ya dziko. Mwana akaigwira m'manja amafunsa, "Uyu ndani? Chifukwa chiyani pali chimanga?" Pamenepo mumamuuza za ufulu wa mu 1964, za kwacha ya mu 1971 ndi za kusintha kwa mu 1994. Mumamuuza kuti dzina loti kwacha likunena za kutuluka kwa dzuwa, ndipo tambala ndiye amalengeza kuti kwacha. Amaphunzira kuwerenga zaka ndi manambala. Ndalama zimene tikuziona ngati zachabe lero, adzukulu athu mwina sadzaziona pamsika. Ana ambiri a lero sanagwirepo 1 tambala.

Kusunga kotere sikufuna ndalama zambiri. K1, K5 ndi K10, imodzi imodzi, zonse pamodzi ndi K16 yokha. Chitani motere:

1. Sankhani imodzi kapena ziwiri za mtundu uliwonse ndi chaka chilichonse. Tengani zooneka bwino koposa. Mukapeza ina yoposa imene muli nayo, sinthanitsani.

2. Gwirani ndalama m'mphepete. Thukuta la zala limadetsa chitsulo.

3. Musaikweche ndi phulusa, mchenga kapena ndimu. Kukwecha kumasiya zipsera, ndipo osonkhanitsa safuna ndalama yokwechedwa ngakhale iwale bwanji. Ngati ili ndi dothi, itsukuluzeni ndi madzi oyera, muiumitse ndi kansalu kofewa.

4. Musaiboole, musaipinde.

5. Ikani iliyonse mu kapepala kakekake kapena mu envulopu, kuti zisamakhulane. Lembani pamwamba dziko, chaka ndi chithunzi chimene chilipo.

6. Sungani pamalo ouma. Musakwirire pansi, chifukwa chinyezi chimabweretsa dzimbiri.

7. Musasiye ndalama zachitsulo pamene mwana wokwawa angazifikire. Akhoza kumeza.

Ngati tsiku lina imodzi mwa izo idzapezeka kuti ndi yosowa, umenewo udzakhala mwayi. Ngati sizidzatero, simunataye kanthu, ndipo ana aphunzira.

Nanga ndalama zofuna kusunga tiziika kuti?

Chizolowezi choika pambali kangachepe ndi chabwino kwambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Cholakwika ndi kuzigoneka ndalamazo zaka ndi zaka. Chitini chikhale pongodutsira. Chikadzaza, werengani ndalamazo, muziike m'magulu, mukazisinthe kapena mukaziike ku banki. Ndalama 500 za K10 ndi K5,000.

Kenaka ndalamayo igwire ntchito. Mutha kuiika ku banki mkhonde ya m'mudzi mwanu, kumene imabwerekedwa n'kubala chiwongoladzanja. Mutha kugula nkhuku imene idzaikira mazira ndi kuswa anapiye. Mutha kugula mbewu nthawi ikadalipo, mtengo usanakwere, kapena makope a ana. Nkhuku imaswana, koma K10 ya m'chitini siswana.

Mawu ofunika kuwakumbukira

Kusula ndalama: kupanga ndalama zachitsulo.

Wosonkhanitsa: munthu wosunga ndalama za mitundu yosiyanasiyana chifukwa chozikonda.

Ndalama yokumbukira: ndalama yosulidwa polemekeza munthu kapena chinthu chimene chinachitika.

Kugwa mphamvu kwa ndalama: pamene ndalama yomweyo ikugula zinthu zochepa kusiyana ndi kale.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zinayi zimene wosonkhanitsa amayang'ana asanagule ndalama.

2. Chifukwa chiyani 50 pensi ya Kew Gardens inakwera mtengo pamene R5 ya Mandela yopezeka mu chenji sinakwere?

3. Kodi kwacha ndi tambala zinayamba chaka chanji? Papita zaka zingati kufika lero?

4. Mayi wina ali ndi ndalama 150 za K10 ndi 80 za K5. Zonse pamodzi ndi ndalama zingati?

5. Munthu wakuuzani kuti mutsogoze ndalama kuti akupezereni wogula kobiri lanu. Mumuyankha chiyani?

Ntchito yokachita kunyumba

Funafunani ndalama zachitsulo zimene zili m'nyumba mwanu. Lembani m'kope dziko, chaka ndi chithunzi cha ndalama iliyonse. Kenaka pitani kwa munthu wachikulire, mumufunse zimene ankagula ndi sheleni imodzi kapena 10 tambala ali mnyamata kapena mtsikana. Lembani yankho lake m'ziganizo zitatu, mudzawawerengere anzanu tsiku lokumananso.